Dzina Ndinapita Nalo Ndekha

Azimayi anzanga, tsitsani manjawo. Musandiombere. Zimene ndikambe pano sizoombera m'manja ayi.

Amayi busa andiuza kuti muli ndi mafunso okhudza a Ziyoni. Akuti ena mukufunsa ngati ali akhristu anzathu, ena mukufunsa za madzi ndi zingwe, ena za aneneri amene amakuuza zako usanatsegule pakamwa. Akuti ndiyankhe ineyo popeza ndinavalako mkanjo. Chabwino, ndiyankha. Koma ndikudziwa kuti ena mwa inu simukufunsa pofuna kudziwa. Mukufunsa chifukwa mkati mwa sabata munali komweko. Bulauzi yoyera ili pamwamba, chingwe chili m'chiuno. Musazolike. Ine ndimadziwa mmene munthu womanga chingwe amakhalira pabenchi, chifukwa ndinakhalapo choncho.

Kwa amene simundidziwa, ndine Nangozo, amake Thoko, kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ku Nkhata Bay ndinabwera potsatira bambo a Thoko, amene anatumizidwa kudzagwira ntchito mu ofesi ina pa boma pompa. Ndinafika ndisakudziwa Chitonga ngakhale liwu limodzi. Kondowole ndinkangomuona ngati ulimbo. Amene anandilandira ndi Ama nyaMhone, mayi wamasiye wogulitsa kaunjika mumsika, amene tinayandikana nawo nyumba. Ndi iwo anandiphunzitsa kuyankha moni wa kuno. Nditati ndiyambe geni, ndi iwo anasuntha mulu wawo n'kundipatsa malo pambali pa benchi lawo. Anakwera nane minibasi mpaka ku Mzuzu kukandionetsa kogula mabelo. Thoko atadwala malungo ine nditasokonezeka mutu, anamubereka ndi iwo mpaka kuchipatala.

Kenako zanga zinayamba kuvunda. Bambo a Thoko anayamba kumagona ku Mzuzu, ati ntchito. Ntchitoyo inali ndi dzina, ndipo pasanapite nthawi inali ndi mwana. Ine ndinali woyembekezera, ndinapita padera. Geni nayo inalowa pansi. Ndinkakhala tsiku lonse ndikuingitsa ntchentche, pamene pambali panga anthu akulimbirana zovala za nyaMhone, akuseka nawo m'chilankhulo chawo. Lero ndikudziwa chifukwa chake. Ndinali wolusa. Munthu akanenerera mtengo, ndinkamutsomphola chovala m'manja. Ndani angabwererenso kwa munthu wotero? Koma nthawi imeneyo sindinkaziona.

Ndipo apa ndikwiye nanu kaye, inu a mpingo uno. Ndinakhala pabenchi ilo miyezi yambiri mtima uli zidutswa. Za amuna anga munkazidziwa zonse, kuposa mwini wakene. Munkagwirana m'nthiti ndikamalowa. Ndani anabwera kwanga kudzakhala nane pamphasa? Ndani anandifunsa kuti, amake Thoko, mwadya? Palibe. Ndiye musamadabwe anthu akamakwera mtunda kukafuna aneneri. Amapita kumene kuli munthu woti awagwire paphewa.

Ine anandiperekeza ndi mayi wina wogulitsa usipa. Anandifikitsa pa kamtunda kena kumtunda kwa doko, kwa mneneri amene anapatuka mu mpingo wa Ziyoni umene anakuliramo n'kuyambitsa kagulu kake. Dzina lake sinditchula. Ng'oma zinalira, anthu anazungulira, ine ndinalira misozi yonse imene ndinkaimeza kuno, ndipo azimayi osandidziwa anandikumbatira. Kenako mneneri anaika ndodo pamutu panga, ananjenjemera, nati:

"Mwana wanga, iwe ulibe mlandu. Unachita kumangidwa. Pali munthu wapafupi, amadya nawe, amaseka nawe, koma mumtima akukufunira zoipa. Watenga mwayi wako, watseka mimba yako, watembenuza mtima wa mwamuna wako."

Ulibe mlandu! Azimayi, palibe mawu otsekemera kuposa amenewo. Ndinawamwa ngati munthu wochokera kumunda dzuwa lili paliwombo.

Ndinati, "Ndi nyaMhone."

Mneneri anati, "Mzimu wakuululira."

Kuchokera apo zinangoyenda zokha ngati njinga yopanda mabuleki pamtsetse wolowera kumsika. Ndinasoketsa mkanjo. Ndinamanga chingwe. Mmawa uliwonse ndinkawaza madzi a phulusa pabenchi langa. Tinkapita kukamizidwa m'nyanja kuti litsiro lichoke. Pa kagulu kathu paja, tchimo chinali chinthu chokugwera kuchokera kunja, ngati chitosi cha mbalame: wasamba, chachoka. Ndinkaulula kuti ndadya chakudya choletsedwa, kuti ndaponda pamalo opemphererapo ndi nsapato. Koma kuti ndimadana ndi munthu, sindinaululepo, ndipo palibe anandifunsa. Chidani changa tinkachitcha kukhala maso mu uzimu.

Moni wa nyaMhone ndinasiya kuyankha. Thoko ndinamukwapula atalandira chinangwa chootcha kwa iwo. Tsiku lina anabwera pakhomo panga, anakhala pansi mwaulemu, nati, "Amake Thoko, ndalakwanji? Ngati pakamwa panga panapsa, ndiuzeni ndipepese." Ndinawafulatira. Atanyamuka ndinawaza madzi pamene anakhalapo, iwo akuona.

Tsiku loipalo linali la Ilala. Mukudziwa mmene msika umadzazira sitima ikakocheza: alendo, onyamula katundu, anyamata oitanira minibasi, aliyense ali piringupiringu. Mmawa umenewo ndinali nditamva kuti bambo a Thoko akaonekera kwa makolo a mkazi wawo wa ku Mzuzu uja. Ndinafika mumsika mutu ukutentha. Diresi langa lina linagwa pansi, nyaMhone analitola, analikutumula fumbi n'kuliika pamulu panga. Basi. Mlandu wawo unali umenewo.

Ndinakuwa. Ndinati, "Mfiti! Siya katundu wanga, mfiti iwe! Unadya mwana wanga m'mimba sunakhute?" Ndinabwereza, ndinabwerezanso, ndikuloza. Ndinauza gulu kuti mneneri anawaona. Anthu ambiri amene anathamangira pamenepo sankandidziwa ine, sankawadziwa iwo. Wina anagubuduza benchi. Wina anazula thabwa. NyaMhone anakweza mkono kuti atchinge kumutu, ndipo ndinamva fupa likuthyoka. Ndinalimva ndi makutu angawa. Ine sindinamenye, ndinangoima, chala chili chilozere. Akanawapha pakadapanda agogo ena ogulitsa chinangwa, a duku yoyera, amene anadzigwetsa pamwamba pawo n'kulandira zibakera zina kumsana kwawo mpaka apolisi anafika.

Kapena simudziwa, lamulo la dziko lino limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ine ndinalidziwira m'chitokosi. Kukhoti anaitana mneneri. Anabwera atavala suti, mkanjo atausiya kunyumba. Anabwereza mawu onse amene anandiuza, kenako anati, "Koma ine sindinatchule dzina la munthu. Anatchula ndi mayiwa." Ndinafuna kumulumphira. Anandigamula kuti ndikaseweze kundende. Thoko anamutenga alamu anga kupita naye ku Ntcheu. A kagulu kathu sanabwere kudzandiona ngakhale ndi nthochi imodzi.

Mukuganiza kuti ndende inandiphunzitsa? Ayi ndithu. Ndinkasenza madzi, ndinkakolopa, ndinkagona mothithikana ndi anzanga, koma mumtima ndinkati ndikuzunzidwa chifukwa cha choonadi. Chingwe anandilanda polowa, ine ndinang'amba mpendero wa chitenje n'kupota china. Ndinali ndi anthu owaloza okwanira: mneneri wandipereka, mwamuna wanditaya, mfiti yandimangitsa. Munthu akhoza kutsekeredwa m'chipinda chopanda zenera, tchimo lake n'kukhala nalo mphasa imodzi, osalizindikira nkhope.

Masana ena, tsiku loona akaidi, anandiitana kuti ndili ndi mlendo. Ndinkayesa ndi bambo a Thoko. Nditatuluka ndinapeza ndi nyaMhone, atakhala pabenchi pafupi ndi geti, ataonda, mkono wamanja ataukulunga m'chitenje. Ndinatembenuka kuti ndibwerere.

Anati, "Khalani pansi, amake Thoko. Sindinabwere kudzakuzondani. Sindinakutengereni kanthu. Ndabwera kuti muone ichi."

Anamasula chitenje pang'onopang'ono ndi dzanja lamanzere. Mkono unali wokhota pamene unathyoka paja, wowonda ngati wa mwana, zala zitapindikira mkati. Ndinayang'ana kumbali.

"Ayi, yang'anani. Mumsika munayang'ana, apa mukuopa chiyani?"

Ndinayang'ana.

Anati, "Ndili ndi funso limodzi, landisowetsa mtendere. Kukhoti mneneri wanu anati sanatchule dzina langa. Ine ndinkati akunama kuti adzipulumutse. Ndinkadziuza kuti amake Thoko anachita kunamizidwa, paokha sangandiganizire zotero. Ndiye ndiuzeni inu. Ananama?"

Ndinafunafuna bodza koma silinapezeke.

Ndinati, "Sananame."

Kenako anati, "Ndiye kuti dzina langa munapita nalo nokha kumtunda kuja. Munachoka nalo pabenchi langa. Munayamba liti kulinyamula?"

Azimayi, funso limenelo linandivula. Chifukwa yankho linabwera lokha, loonekera bwino ngati mwala pansi pa madzi oyera. Ndinakumbukira tsiku lina kalekale, ndisanapite padera, ndisanamve n'komwe za mneneri. Mphunzitsi wina anatola siketi pamulu panga, anaiyang'ana, anaibweza, n'kukagula kwa nyaMhone. Masana ake nyaMhone anatsegula kontena yawo nati tidye. Ndinadya nsomba yawo, ndinaseka nthabwala zawo, koma mumtima ndinkati, bwenzi mayi ameneyu atadwala, benchi lake litatsekedwa.

Ndinati, "Kalekale, Ama. Tikudyera limodzi."

Anagwedeza mutu. Anati, "Ndinamva kukhoti kuti panali munthu wapafupi, wodya ndi mnzake, woseka naye, mumtima akumufunira zoipa. Pamenepo pokha mneneri wanu analondola. Munthuyo analipodi."

Anakulunganso mkono wawo, anaimirira, anapita. Sananene kuti ndakukhululukirani. Sanatsanzike.

Ndinabwerera m'bwalo la ndende, ndinakhala padzuwa pafupi ndi khoma. Anzanga ankaomba zovala pamwala, wina ankaimba. Ine ndinafuna kupemphera monga ndinazolowera, kuti Mulungu kanthani adani anga, bwezani mivi kumene yachokera. Koma ndikati nditchule mdani, pankabwera nkhope yanga. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaima pamaso pa Mulungu popanda dzina la munthu wina m'kamwa. Ndinangoti, "Ndine. Ambuye, ndine." Sikunali kokoma ngati kulira kwa kumtunda kuja. Kunalibe ng'oma, kunalibe wondikumbatira. Kunali ngati kufinya chithupsa chimene wachisunga chaka chonse.

Kundende kunkabwera azimayi a mpingo wina kudzapemphera nafe. Poyamba ndinkawathawa. Sabata imeneyo ndinakoka mmodzi, mayi wachikulire, n'kumuuza zonse. Ndinkadikira kuti anditonthoze, anene kuti unasocheretsedwa, si iwe. Sanatero. Anati, "Mlandu ulipo, mwana wanga, ndipo ndi waukulu. Usauchepetse. Ukanakhala waung'ono, Yesu sakanafika pamtanda. Iye sanafere anthu omangidwa ndi anansi awo, anafera ochimwa. Ngati wavomera kuti ndiwe mmodzi wa iwo, khomo ndi lako." Tsiku limenelo ndinadula kachingwe kanga n'kukaponya pamoto wa kukhitchini.

Tsopano ndiyankhe mafunso anu.

Mukuti kodi a Ziyoni ndi akhristu? Ziyoni ndi dzina labwino, dzina la phiri la mzinda wa Mulungu, palibe choipa m'dzinalo. Ndipo musanatambasule milomo yanu kunyoza, ndikuuzeni: agogo aja anadzigwetsa pamwamba pa nyaMhone ndi a Ziyoni, a mpingo waukulu uja mneneri wanga anathawamo. Mpaka lero msana umawavuta. Nanga inu a bulauzi zoyera, munalipo angati mumsika tsiku lija? Ndinakuonani. Munaima patali manja ali kukamwa. Ndiye ine sindiweruza munthu ndi mkanjo kapena bulauzi. Ndimafunsa chinthu chimodzi, kaya ndi kumtunda, kaya ndi muno: kodi malo amenewa akundionetsa tchimo langa n'kunditumiza kwa Yesu, kapena akundionetsa mdani wanga n'kunditumiza kukamenya nkhondo? Kulikonse kumene ungapite chaka chathunthu osamvapo kuti lapa, koma kumangomva kuti wakulodza, wakumanga, wakuchitira nsanje, thawako. Thawako ngakhale kutakhala kuti kuli mtanda waukulu padenga.

Za madzi ndi zingwe. Ine ndinamizidwa m'nyanja iyi mpaka makutu kuwawa. Ndinkavuuka khungu lili mbee, chidani chili chikhalire, chouma bwinobwino. Madzi amafika pakhungu, chingwe chimazungulira chiuno. Chimene chinathyola mkono wa nyaMhone sichinali pakhungu panga kapena m'chiuno. Chinali mumtima, ndipo mumtima mumafika mwazi wa Yesu wokha, ukavomera kutsegula.

Wina afunsa kuti, nanga mneneri anadziwa bwanji mavuto anu? Mwe! Boma lonse linkawadziwa. Inu nomwe munkawadziwa, kodi ndinu aneneri? Ndipo ndani mwa ife alibe munthu wapafupi amene amadya naye? Iye anangotchera msampha wopanda nyambo. Nyambo ndinabwera nayo ndekha. Ndimamukwiyira munthu uja mpaka lero, chifukwa akupitirizabe kuuza azimayi osweka mitima kuti alibe mlandu, ndipo adzayankha kwa Mwini nkhosa. Koma sindingamusenzetse katundu wanga. Mabodza ndi ake, dzina linali langa.

Nditatuluka kundende, njira yobwerera sinali ya zozizwitsa. Ndinapita kwa akulu a mpingo n'kuulula ndi pakamwa panga, osati zoti ndinasochera, koma zoti ndinachitira nsanje munthu wondichitira zabwino, ndinamunamizira, ndinamupundula. Tchimo ulitchule dzina lake lenileni, ukalipatsa dzina lokongola limakhalabe m'nyumba. Kenako ndinapita mumsika, ndinaima pamalo omwe aja, n'kukuwa kuti ndinanama, Ama nyaMhone si mfiti. Mukudziwa amene anaima kumvetsera? Ochepa, ena akuseka. Bodza linasonkhanitsa msika wonse, choonadi chinasowa ndi omvera omwe. Mpaka pano kuli anthu amene salola ana awo kusewera ndi zidzukulu za nyaMhone. Zimenezo ndinayambitsa ndine, ndipo sindingathe kuzitolera zonse.

Ndinapitanso kuchipatala kukafunsa za kupita padera kuja, zimene ndikanachita poyamba pomwe. Anandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndikumwa mankhwala. Bambo a Thoko sanabwerere, musayembekezere kuti ndinena kuti anabwera akulira. Thoko yekha ndiye ndinakamutenga. Ndipo ndinadziikira lamulo: vuto likandigwera, funso loti "ndani wandichita" sililowa m'nyumba mwanga ndisanafunse kuti "ine ndachitapo chiyani". Nthawi zina yankho limakhala loti palibe, ndi mavuto a dziko chabe, ndipo ndimapirira. Nthawi zambiri yankho limakhalapo.

Inu amene mwakhala muno muli ndi dzina la munthu mumtima, la apongozi, la mkazi mnzanu, la woyandikana naye benchi, ndipo mukungofuna mneneri woti alidinde chidindo, ndikukuchondererani mwaukali: musatuluke nalo pakhomo ilo. Litulutseni lero pamaso pa Mulungu, muliyang'ane, mudzifunse kuti munayamba liti kulinyamula. Ine ndinadikira mpaka fupa la munthu linathyoka.

NyaMhone anabwerera mumsika, koma ndi mkono umodzi sangasenze belo kapena kuyala zovala. Nditangotuluka ndinapita m'mamawa n'kuyamba kuwayalira osapempha. Sanandithamangitse, sanandithokoze. Mpaka lero ndimapita tsiku lililonse ndisanayale zanga. Amandiuza poika masiketi ndi poika malaya, basi. Chakudya sitidyera limodzi.

Mwezi wathawu ndinalimba mtima. Ndinagwada pambali pa benchi n'kunena kuti, "Ama, ndikukhulupirira kuti Mulungu anandikhululukira. Nanga inu?"

Anandiyang'ana. Kenako anati, "Mulungu ngwamkulu, amafulumira. Ine ndine munthu, ndikadali m'njira. Dzukani apo, amake Thoko, mukutchingira makasitomala. Belo lina latsala pageti."

Ndinadzuka, ndinakasenza.